Manja Atsopano a Namilanzi

Makinawo adameza manja onse awiri a mkulu wina mpaka polekezera mkono, kenaka adayamba kung'ung'uza ngati njuchi za m'mphako. Pamwamba pake panali galasi, choncho anthu a pamzere ankaona zonse. M'katimo mudadzaza madzi obiriwira, ndipo m'madzimo munkasambira timakina tochepa kuposa fumbi la ufa, toti munthu ankationa pokhapokha tikaunjikana ngati kautsi. Timakinato tinkadya khungu lakale n'kumaluka latsopano kuchokera m'magazi a mwiniwake yemweyo. Makwinya ankasungunuka anthu akuona. Mitsempha imene idatumphuka kuseri kwa dzanja inkabwerera m'kati, timadontho takuda taukalamba tinkazima, ndipo mfundo zotupa za zala zinkaphwa. Mkuluyo atasolola manja adawatembenuza uku ndi uku, n'kuseka chikhakhali ndi m'kamwa mopanda dzino. Nkhope inali ya munthu amene adaika kale anzake onse m'manda, koma manja anali a mnyamata woti khasu amangolimva m'nyimbo.

Dzina lenileni la makinawo linali lalitali, la m'mabuku. Anthu a mumzinda wa Mponela ankangowatchula kuti Fundula, poti ankachita zomwe njoka imachita ikatopa ndi khungu lake. Musaganize kuti nkhalamba zimene zinali pamzerepo zidabwera chifukwa cha kunyada. M'zaka zimenezo makiyi, makhadi ndi ziphaso zidali zitatha ntchito. Chitseko cha basi, mpope wa madzi wa pamsewu, windo la mankhwala kuchipatala, zonsezi zinali ndi kagalasi kotchedwa chiwerengamanja. Munthu ankaikapo dzanja, kagalasiko n'kuwerenga mizere ya zala ndi njira za mitsempha, kakamudziwa n'kumutsegulira. Inali nzeru yabwino ndithu, kungoti amene adaipanga anali anyamata, ndipo mnyamata sakhulupirira kuti adzakalamba. Sadaganize kuti dzanja limatha ngati mpini. Khungu limapyapyala, mafuta a pansi pake amauma, mizere ya kunsonga za zala imafufutika, mitsempha imapindika. Munthu akafika pamenepo, kagalasi kaja kankamuyankha ndi ulemu wake wonse kuti, “Pepani, sitikukudziwani.”

Namilanzi, mmodzi wa nkhalamba za pamzerepo, adali atawamva mawu amenewa mpaka kutopa nawo. Mwamuna wake, a Lameki, amene kale anali telala wotchuka pamsika wakale, anali atachita khungu, ndipo matenda oiwala anali atawalowa m'mutu. Mankhwala awo a mtima ankaperekedwa pawindo la chipatala kwa wowasamalira yekha, ndipo windolo lidasiya kumudziwa Namilanzi. Mapiritsi kunyumba anali atatsala ochepa. Choipa kuposa apo, loboti ya Bungwe la Chisamaliro idali itafika kale pakhomo n'kunena mosapita m'mbali kuti wodwala amene alibe womusamalira wodziwika ndi makina amatengedwa kupita ku Nyumba ya Mpumulo. Kumeneko maloboti ankadyetsa nkhalamba ndi kuzitembenuza pa nthawi yake, ndipo abale ankaona odwala awo kudzera pagalasi. Nanga wakhungu galasi limuthandiza chiyani? Mwana wawo yekhayo, Tiyese, adamwalira kalekale, choncho panalibe wina woti n'kuikapo dzanja m'malo mwake. Namilanzi adalumbira mumtima kuti mwamuna wake adzafera m'nyumba yake, pabedi lake, iye ali pambali.

Nthawi yake itakwana, namwino wa pa Fundula, mtsikana wansangala dzina lake Lonjezo, adamukhazika pampando n'kumugwira manja.

“Agogo, manja awa agwira ntchito! Taonani khungu, langotsala ngati pepala. Nanga chipsera ichi n'chachiyani?”

“Nsimbi yamakala, mwanangu. Ndinkasita zovala zimene ankasoka abambo akunyumba. Tsono ndifunse nawo, chimenechi chitsala?”

“Chitsalirenji? Zonse zichoka. Mutuluka muno anyamata akukuimbirani mluzu.”

Anthu a pamzere adaseka, koma Namilanzi sadaseke nawo.

“Nanga munthu atafuna manja ake akale, mumamubwezera?”

Lonjezo adamuyang'ana modabwa. “Agogo, chiyambireni ntchito ino sindinaonepo munthu wofuna makwinya. Makinawa amadziwa njira imodzi yokha. Kapena mukuopa kuwawa? Sizipweteka ayi, zimangoyabwa pang'ono.”

“Kuwawa sindikuopa.”

Chimene ankaopa sichinali chofotokozera pagulu. A Lameki ankadzuka m'mawa uliwonse osadziwa kumene ali. Mawu sankawakhulupirira, ndipo pamenepa sitingawanene, chifukwa inali nthawi imene makina ankatha kuyankhula ndi mawu a munthu aliyense. Iwo asanadwale adapusitsidwapo ndi foni imene inkalira ndi mawu a mlongo wawo woti adamuika kale, ndipo kuyambira pamenepo ankati mawu ndi malaya obwereka. Koma zala zawo zinali za telala, zodziwa nsalu mumdima. Akafunsa kuti, “Muno muli ndani?” Namilanzi sankayankha, ankangopereka dzanja. Iwo ankatsina pang'ono khungu la kuseri kwake n'kulisiya, ndipo khungulo linkatsala chiimire ngati kamzere ka mbatata. Kenaka ankatsata mitsempha ndi chala mpaka kukapeza chipsera cha nsimbi. Akachipeza ankausa moyo n'kunena kuti, “Ndiwe, Namilanzi. Ndimayesa wandithawa.” Akatero ndiye kuti tsiku layamba, ankalola kusambitsidwa, kudya ndi kumwa mankhwala.

Tsono akanachita chiyani? Kusunga manja akale kunali kupereka mwamuna kwa a Bungwe. Adadzilimbitsa mtima kuti ukwati wa zaka zonsezi sungakhale pakhungu pokha, pali nkhope, pali nkhani zimene ankazidziwa awiri okha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adatsinzina n'kulowetsa manja m'kamwa mwa Fundula.

Lonjezo sadaname, kunkangoyabwa. Atasolola manjawo Namilanzi adachita mantha, chifukwa anali manja amene adawaona komaliza ali namwali, osalala, onenepa bwino, zikhadabo zikung'anima. Tisabise, adawakonda pang'ono. Pawindo la mankhwala kagalasi kaja sikadachedwe n'komwe. “Takulandirani, mayi Namilanzi,” kadatero, botolo la mapiritsi n'kugwera m'kabowo. Chitseko cha basi nacho chidamutsegulira ngati mwini basi. Komabe njira yonse adabisa manjawo m'chitenje, akuchita manyazi ngati wavala diresi la mwana wasukulu.

Adafika kunyumba dzuwa litapendeka, a Lameki atangodzuka ku tulo tamasana.

“Muno muli ndani?”

Namilanzi adapereka dzanja. A Lameki adatsina khungu, ndipo lidabwerera msanga zala zisanachoke n'komwe. Adatsinanso. Adafufuza mitsempha, sadaipeze. Adafufuza pamene pankakhala chipsera, kenaka adalitaya dzanjalo ngati agwira chitsulo chamoto.

“Pepani mayi, mwasokera nyumba. Ine ndine wapabanja.”

“Bambo a Tiyese, ndine ndemwe, Namilanzi wanu. Ndinapita kuchipatala kukakonzetsa manja kuti azindipatsa mankhwala anu.”

“Mawuwo ndi ake, sindikukana. Mawu mukumaba masiku ano ngati nkhuku. Koma dzanja ili ndi la mwana. Mkazi wanga ali kuti?”

“Chabwino, tagwirani nkhope yanga mumve makwinya.”

Adafuna kukoka dzanja lawo, koma iwo adalibweza n'kulipanira kukhwapa.

“Ndigwire nkhope ya mwana wa eni? Mukufuna adzandipeze ndikusisita mtsikana m'chipinda mwake? Tulukani chonde, ndisanakuwe.”

Namilanzi adagwada pambali pa bedi n'kuyamba kutchula zimene ankadziwa awiri okha. Adawakumbutsa suti ya ukwati imene adaisoka okha, mkono wina n'kufupika, mpaka tsiku lonse adakhala dzanja lili m'thumba. Adawakumbutsa dzina limene ankamuitana nalo anthu akachoka, ndi nyimbo imene adaimba pamanda a Tiyese anthu onse atabwerera. A Lameki adamvetsera chete, misozi n'kuyamba kutsika m'maso akhungu aja. Namilanzi adaganiza kuti wapambana.

“Zonsezi adakuuzani yekha?” adafunsa a Lameki. “Munamuchita chiyani kuti aulule?”

Mvula ikakuona litsiro sikata. Madzulo ake Namilanzi adaphika futali, chakudya chimene mwamuna wake sankachikana ngakhale atadwala chotani. A Lameki adanunkhiza mbale, m'mimba mukulira, koma sadatsegule pakamwa.

“Mchere wathira ndani?”

“Ndathira ndine.”

“Inu, wamsinkhu wanuwo? Mukufuna mundidule? Mkazi wanga anakula, mchere wake ulibe mlandu. Wanuwo sindikuudziwa.”

A Lameki adakulira kumudzi kwa agogo awo, kumene mkazi amene ali kumwezi sankathira mchere m'chakudya, kuopa kudwalitsa anthu mdulo. Mumzinda zimenezi zinali zitaiwalika, ndipo iwonso pa unyamata wawo ankaziseka. Koma matenda oiwala ali ndi nkhanza yakeyake: adawalanda maina a misewu, adawalanda chaka ndi mwezi, n'kuwasiyira malamulo a agogo awo ali gwa. Namilanzi adaphika china chopanda mchere, iwo adati munthu wosaona angadziwe bwanji. Mapiritsi ndiye adakaniratu, adati mankhwala salandira kwa mlendo. Ankangodya nthochi imene asenda okha ndi kumwa madzi amene atunga okha pampope wa m'nyumba. Botolo limene Namilanzi adalitayira manja ake lidakhala patebulo lili lodzaza.

Pabedi adamuthamangitsapo, choncho Namilanzi adayala mphasa pakhomo la chipinda. M'mawa uliwonse funso linali lomwe lija, ndipo m'mawa uliwonse iye ankapereka dzanja, poganiza kuti mwina matenda omwewo awaiwalitsa za dzulo. Za dzulo ankaiwaladi, koma zala sizinkaiwala. Tsiku lililonse a Lameki ankamva kwa nthawi yoyamba kuti mkazi wawo wasowa, ndipo tsiku lililonse ankamulira mwatsopano, mwini wake ali chigwadire pomwepo. Namilanzi adaona maliro ake ambirimbiri, ndipo zidamupweteka kuposa imfa ya mwana.

Adaganiza zowakalambitsa manjawo yekha. Adawaviika m'chidulo mpaka kuthetheka. Adawakwecha ndi mchenga, adawayanika padzuwa, adapempha khasu n'kukalima kadimba ka eni kuseri kwa tchalitchi mpaka matuza kuphulika. Kukacha, manja anali osalala ngati dzulo. Pomaliza adafukula nsimbi yamakala ija pansi pa katundu, adaikamo makala, n'kudikira kuti ifiire. Adaluma chitenje, n'kuigunditsa pamalo penipeni pa chipsera chakale. Fungo la khungu lopsa lidadzaza khitchini, ndipo iye adalira mokondwa, akuti tsopano zatheka. Bala lija silidagone n'komwe kawiri. Lidatsekeka, lidauma, lidayera, osasiya ngakhale kachizindikiro.

Adabwerera kwa Lonjezo. Ulendo uno namwinoyo sadachite nthabwala.

“Agogo, timakina tija timatsalira m'khungu, ntchito yake ndi yomweyo, kukonza chilichonse chawonongeka. Kutichotsa sitingathe.”

“Ndiye adzakalamba liti manjawa?”

Lonjezo adayang'ana pansi. “Inuyo ndi amene muzikalamba, agogo. Manjawa ayi.”

“Mwanangu, amuna anga akufa ndi njala chakudya chili pamphuno. Palibe dokotala wamkulu woti ndimugwadire?”

“Ndinakafunsa kale, chifukwa si inu woyamba. Anandiyankha kuti makinawa sanalakwitse chilichonse. Pepani, agogo. Tsiku lija munandifunsa, ine n'kumaseka.”

Pobwerera adapeza loboti ya Bungwe ili pakhomo. Inali yayitali, yotuwa, yoyankhula mofatsa ngati m'busa wa pamaliro. Idawerenga dzanja la Namilanzi n'kumuthokoza kuti tsopano ndi wosamalira wodziwika bwino. Kenaka idawalitsa kuwala kwake pa a Lameki kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Wodwala akuchepa thupi, ndipo m'magazi mwake mulibe mankhwala,” idatero. “Tikadzabweranso n'kupeza zili chomwechi, tidzamutenga. Kumeneko amadyetsa ndi paipi, palibe amene amakana.”

Loboti itapita, Namilanzi adakhala pakhonde n'kuganiza mpaka mutu kuwawa. Nzeru imene idamubwerera inali yochititsa manyazi, koma ina panalibe. Ngati manja akale sangabwerere, akabwereka a munthu wina. Mayi wokalamba adzagwira dzanja la a Lameki, iye adzayankhula ali kumbuyo kwake.

Adayambira kwa amayi anzake a kutchalitchi. Adapita kwa Nachisale, mnzake wa pa ubwana, amene ankayenda ndi ndodo ndipo msana udapindika kale. Nachisale adamva nkhani yonse, adapukusa mutu, n'kutulutsa manja m'shawelo. Anali osalala ngati a mkwatibwi.

“Mwachedwa anzanga. Nanenso mpope unasiya kundidziwa. Ndikanamwa chiyani?”

Namilanzi adayenda nyumba ndi nyumba, adafika kumsika, adaima pakhomo la tchalitchi Lamulungu n'kumapereka moni wa m'manja kwa nkhalamba iliyonse yotuluka. Nkhope zinali zamakwinya, mitu yaimvi, m'kamwa mwa ena mopanda kanthu, koma dzanja lililonse limene adagwira linali la mwana. Apa m'pamene adazindikira chimene mzinda wonse sudachione: ku Mponela kunalibenso dzanja lokalamba. Ana obadwa m'zaka zimenezo akanakula osadziwa kuti dzanja la agogo limamveka bwanji pamutu.

Wina adamuuza kuti akayese kudepoti yakale, kumene mabasi adasiya kuima. Kumeneko adapeza mayi wina wokalamba akusankha zitsulo pamulu wa zinyalala, dzina lake Nangondo. Namilanzi sadayang'ane nkhope, maso ake adathamangira kumanja. Anali akuda, ouma, mitsempha ili poyera ngati mizu ya mtengo wa m'mbali mwa khwawa, timadontho tili mbwee. Adangotsala pang'ono kuwapsompsona.

“Amayi, inu simunapite ku Fundula?”

“Akandikonze chiyani? Ine makina sanandilembepo chibadwire. Wosalembedwa alibe chotayika. Madzi ndimamwa a kudambo, kogona ndi kuseri kwa khomali.”

Namilanzi adafotokoza zonse, osabisa kanthu. Adalonjeza chakudya, bulangete ndi denga losadontha. Nangondo adamvetsera akutafuna nkhama za m'kamwa mwake mopanda mano.

“Ndiye mukuti ndikakhale mkazi wa amuna anu?”

“Ayi amayi, manja okha. Kuyankhula ndiziyankhula ndine.”

“Mayi, manja sayenda okha. Kumene apita mwini wake amatsatira. Mwaganiza bwino?”

“Ndaganiza. Akapanda kudya awatenga.”

“Chabwino, tiyeni. Koma mawu angawa muwasunge.”

M'mawa mwake Nangondo, atasamba n'kuvala chitenje cha Namilanzi, adakhala pampando pambali pa bedi. Namilanzi adagwada kumbuyo kwake, chibwano chili pafupi ndi phewa lake. A Lameki anali atatheratu, masaya atalowa, mawu akutuluka ngati a munthu wakutali.

“Muno muli ndani?”

Nangondo adapereka dzanja. Zala za telala zidatsina khungu n'kulisiya, ndipo khungulo lidatsala chiimire. A Lameki adadzidzimuka. Adatsata mitsempha mofulumira mpaka pamalo pa chipsera. Panalibe. Namilanzi adatsinzina. Koma dzanja limene lakhala zaka zambiri silisowa chipsera, ndipo cha m'munsi pang'ono, pafupi ndi chala chachikulu, panali china, cha lata limene lidamucheka Nangondo kalekale. Sichinali chofanana n'komwe. A Lameki akanakhala a masiku aja sakanapusitsika, koma njala ndi chisoni zidali zitawafooketsa, ndipo munthu amene akumira sasankha chogwira. Adachisisita nthawi yaitali, kenaka adausa moyo.

“Ndiwe, Namilanzi. Unali kuti masiku onsewa?”

“Ndinali konkuno, bambo a Tiyese,” adayankha Namilanzi ali kumbuyo, misozi ikugwera paphewa la Nangondo. “Ndabwera. Idyani tsopano.”

Adadya phala mbale yonse kuchokera m'dzanja la Nangondo, osafunsa za mchere. Adameza mapiritsi. Adagona atagwira dzanja lija ndi manja onse awiri, ndipo Nangondo adakhala chomwecho mpaka mkono kuchita dzanzi. Tsiku limenelo Namilanzi adaimba kukhitchini, adati mavuto atha.

Kwa kanthawi zidayendadi. A Lameki adayamba kubwerera thupi, ndipo loboti itabwera idawaunika n'kunena kuti zonse zili bwino, wosamalira akugwira ntchito yotamandika. Nangondo idamudutsa ngati mpando, poti kwa iyo munthu wosalembedwa kunalibe. Namilanzi ankaphika, ankachapa, ankatenga mankhwala, ndipo nthawi ya chakudya ikakwana ankagwada kumbuyo kwa mayi uja n'kumayankhula. Chimene sankayenera kuchita ndi kukhudza mwamuna wake.

Tsiku lina masana a Lameki adatsamwa ndi madzi n'kuyamba kutsokomola koopsa. Namilanzi sadaganize. Adalumpha, adawadzutsa, adawagwira pachifuwa n'kumawasisita pamsana monga ankachitira zaka zonse. Chifuwa chitatsika, a Lameki adagwira dzanja limene linali pamtima pawo, n'kukuwa.

“Wabweranso! Namilanzi, mtsikana uja wabweranso! Uli kuti?”

Nangondo adapereka msanga dzanja lake, iwo adalikumbatira ngati mwana.

“Khalani chete, bambo a Tiyese, palibe choopsa,” adatero Namilanzi, atabwerera kumbuyo.

Koma tsopano a Lameki anali tcheru. Adapendeketsa mutu.

“Tayankhulanso.”

“Ndati palibe choopsa.”

“Dzanja lili apa, mawu akuchokera uko. Namilanzi, waima kumbuyo kwako! Ndi amene uja ankaba mawu ako iwe kulibe. Anandiyesa zambiri, mkazi wanga, anafuna kugona pabedi pako, koma ine sindinamulole. Ngakhale mchere wake sindinalawe. Ndinakudikira.” Adafinya dzanja la Nangondo. “Ndiyankhe ndi pakamwa pako, pafupi pano. Wamuona?”

Nangondo adacheuka n'kumuyang'ana Namilanzi, maso ake akufunsa. Namilanzi adaona chifuwa cha mwamuna wake chikukwera ndi kutsika mofulumira, adaona mbale ya phala imene inali isanathe. Adagwedeza mutu kuti Nangondo ayankhe.

“Ndamuona,” adatero Nangondo ndi mawu ake okhakhala.

A Lameki sadadabwe ndi mawuwo ngakhale pang'ono. Mawu ankawayesa chiyani iwo? Adatsamira pilo, nkhope itamasuka.

“Wapsa mawu ndi kulira, mkazi wanga. Usalirenso. Koma mtsikanayo umuchotse. Ngati ndi wantchito, azithera kukhitchini. Muno asalowenso, ndipo ndisamvenso akuyankhula ndi mawu ako. Ukulonjeza?”

Nangondo adacheukanso. Namilanzi adamugwira phewa ndi dzanja lake losalala lija n'kulifinya.

“Ndalonjeza,” adatero Nangondo.

Namilanzi adatuluka chakumbuyo, mopanda phokoso, n'kukoka chitseko. Patapita nthawi Nangondo adamupeza kukhitchini atakhala pansi, atatsamira khoma.

“Mayi, ine sindinabwere kudzalanda banja la munthu. Nenani, ndinyamuke lero lomwe.”

“Mukapita adya kwa yani?”

Nangondo adatsamira chitseko, ndipo Namilanzi adapitiriza.

“Khalani, amayi. Madzi osamba amakonda ofunda pang'ono, osati otentha. Mukamawapukuta muziyambira kumapazi. Akayamba kufunsa za Tiyese musawauze kuti anamwalira, muzingoti ali kusukulu.” Adapukuta maso ndi chitenje. “Ndipo akakuitanani dzina langa, muziyankha msanga. Sapirira kudikira.”

Kuyambira tsiku limenelo nyumba ija idakhala pamtendere. A Bungwe sadabwerenso ndi mawu oopseza. A Lameki ankadya, ankamwa mankhwala, ndipo masiku ena ankamveka akuseka, akufotokozera mkazi wawo nkhani ya suti ya mkono waufupi. Namilanzi ankaimva nkhaniyo ali kukhitchini, atatseka pakamwa ndi dzanja kuti angayankhire. Chimene adalumbira chija chidatheka ndithu, mwamuna wake sadatengedwe, ndipo adzafera pabedi lake dzanja la Namilanzi lili m'manja mwake, monga iye adzadziwire. Mwini dzinalo ankaphika, n'kusiya mbale pansi pakhomo la chipinda, n'kugogoda kamodzi.

Zitseko zonse za mumzinda wa Mponela zinkatseguka zikangoona dzanja lake, koma chitseko chimodzi chathabwa, chopanda loko ndi chopanda galasi, sichidamutsegukirenso mpaka kalekale.